Kalata ya mwana wa mlongo wanga ndi mawu a Chingerezi onena za chidwi

Unali mwezi wa June, nyengo imene kuno ku Dedza chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Ndinali pakhonde ndikuwothera kadzuwa ka m'mawa pamene mwana wa mlongo wanga anatulukira panjira yochokera ku Bembeke, atadziphimba chitenje pamwamba pa juzi. Atagwada n'kundipatsa moni, n'kundiuza mmene kwachera kumudzi, anasolola kope m'chikwama.

“Amalume, mundionereko kalatayi ndisanapite nayo kokatayipitsa ku boma.”

Bungwe lina logwira ntchito ndi alimi a kachewere linali litalengeza kuti likufuna achinyamata oti aziyendera alimi m'midzi. Mtsikanayu anakhoza mayeso a Fomu 4 zaka ziwiri zapitazo, ndipo chilembereni mayesowo wakhala akulima kachewere ndi amayi ake, dzinja kumunda, chilimwe kudimba. Ndinatsegula kopelo. Pansi pa “Dear Sir/Madam” panali mizere iyi:

“I am very interesting in this post. I have too much interest on Irish potatoes and I am passionate about teamwork.”

Ndinawerenga kawiri. Zolemba zake zinali zaukhondo, masipelo onse ali m'malo mwake, koma m'ziganizo ziwiri zokhazo munali zinthu zinayi zoti tikhalire pansi. Zonse zinayi zinali pa nkhani imodzi, ya mmene munthu anganenere m'Chingerezi kuti chinthu chamutenga mtima. Ndaphunzitsa Chingerezi kusekondale yoyendera kwa zaka zambiri, ndipo zolakwika zimenezi ndakumana nazo m'makope osawerengeka. Ana amene amazilemba si aulesi ayi. Ndi Chichewa chawo chimene chimasuzumira pansi pa Chingerezicho, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti mankhwala ake alinso m'Chichewa momwemo.

Pajatu kuno munthu akalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE satifiketi saiona, ngakhale atakhoza bwanji masamu, bayoloje ndi za ulimi. N'chifukwa chake ana athu chiyankhulochi amachilemekeza ngati apongozi, kuchipatsa njira, osayerekeza kuchiyang'ana m'maso. Akafuna kulemba kalata amangotola mawu aakulu amene aona kwa ena, osafunsa kuti mawuwo akulemera bwanji. Uyu anachita bwino kubwera. Safunsa anadya phula.

Ndinatseka kopelo n'kumufunsa m'Chichewa.

“Iwe, kutopa ndi kutopetsa n'chimodzimodzi?”

Anaseka. “Ayi amalume. Ntchito ndiyo imatopetsa, munthu ndiye amatopa.”

“Nanga kusangalala ndi kusangalatsa?”

“Gule amasangalatsa, ife oonera timasangalala.”

“Chabwino. Nanga kuchita chidwi ndi kuchititsa chidwi?”

Anangoti duu kwa kanthawi, kenaka anatenga kope lija m'manja mwanga, n'kuyang'ana mzere woyamba, n'kugwira pakamwa.

Nkhani yonse ya “interested” ndi “interesting” yagona pamenepo. M'Chichewa tili ndi kamchira kaja ka -tsa kapena -itsa kamene timaika kumapeto kwa mneni posonyeza amene akuchititsa chinthu, ndipo mwana wa zaka zinayi amakagwiritsa ntchito osalakwitsa. Chingerezi chimasiyanitsa zomwezo ndi -ed ndi -ing. Amene akumva chinthu mumtima ndi wa -ed, chimene chikumumvetsa zimenezo ndi cha -ing. Choncho “interested” ndi wochita chidwi, “interesting” ndi chochititsa chidwi. Kudabwa ndi kudabwitsa ndi “surprised” ndi “surprising”. Kukhumudwa ndi kukhumudwitsa ndi “disappointed” ndi “disappointing”. Kuopa ndi kuopsa ndi “frightened” ndi “frightening”. Mwana wa mlongo wangayu amafuna kunena kuti ntchitoyo wachita nayo chidwi, koma chimene analemba chimauza abwanawo kuti iyeyo ndi munthu wochititsa chidwi. Osati kuti munthu sangakhale “interesting”. Agogo odziwa kuyala nthano usiku ndi munthu “interesting” ndithu, koma zimenezo amanena ndi omvera, osati mwiniwake.

Ndinamufunsa chimene anasankhira -ing, ndipo yankho lake ndikufuna mphunzitsi aliyense alimve. Anati, “Ndimaganiza kuti -ed ndi ya zinthu zakale, ngati ‘walked’ ndi ‘cooked’. Ndiye ine chidwi changa si chakale, ndili nacho panopa.” Mwaona? Mwanayu sanangolota. Anaganiza, ndipo anatsatira lamulo limene ife aphunzitsi tinamukhomerera kuyambira ku pulayimale, loti -ed ndi dzulo, -ing ndi tsopano. Chimene sitinamuuze n'chakuti mawu awa akakhala afotokozi, nthawi imanenedwa ndi kamneni kali patsogolo pawo: “I am interested” ndi lero, “I was interested” ndi dzulo, ndipo -ed uja sasuntha.

Zaka zanga zoyambirira za uphunzitsi ndinkaletsa Chichewa m'kalasi mwanga. Wopezeka akulankhula Chichewa ankasesa kapena kutchetcha. Ndikakumbukira ndimamva chisoni, chifukwa ndinkatsekera kunja mphunzitsi mnzanga amene akanandipeputsira ntchito. Phunziro la -ed ndi -ing ndinkatha nalo sabata yathunthu pabolodi ana osagwira kanthu, pamene pakhonde paja linatha tiyi asanazizire.

Titachoka apo tinafika pa timawu ting'onoting'ono tija totchedwa aperekezi. Ife timati “ndili ndi chidwi ndi ulimi” kapena “chidwi changa chili pa ulimi”. Ndiye mwana akamalemba Chingerezi, “ndi” uja amasanduka “with”, “pa” uja amasanduka “on”, n'kutuluka “interested with” ndi “interest on”. Mungazimve kulikonse, m'misonkhano, pawailesi, ngakhale kwa anthu ophunzira bwino. Koma Chingerezi chimafuna “in”, basi: “interested in farming”, “an interest in farming”.

“Interest on” alipo, koma ndi wa ndalama. Amayi a mtsikanayu ali m'gulu la banki m'khonde, ndiye sindinavutike kufotokoza. Chiwongoladzanja chimene amaika pamwamba pa ngongole chija ndicho “interest on a loan”. Anadabwa kuti mawu amodzi omwewo anganene chidwi n'kunenanso chiwongoladzanja. Gwero lake ndi Chilatini, “inter” ndi “esse”, kutanthauza kukhala pakati. Chinthu chimene uli nacho “interest” ndi chimene iweyo ulimo, uli ndi gawo lako mmenemo, kaya gawolo ndi la mtima kaya la m'thumba. N'chifukwa chake timamva kuti wakuti ali ndi “conflict of interest”, kutanthauza kuti akuweruza kapena kugamula nkhani imene iye mwini angapindule nayo. Ndipo apa pali mawu awiri amene ngakhale eni chiyankhulo amakangana nawo, “disinterested” ndi “uninterested”. Mfumu ikamazenga mlandu wa malire a munda iyenera kukhala “disinterested”, yopanda mbali, yosadyapo kanthu. Koma ikakhala “uninterested” ndiye kuti ikuwodzera pabwalo anthu akudandaula. Olemba ambiri masiku ano amawasakaniza, koma ine ndimauza ana kuti aziwasiyanitsa, chifukwa mudzi uliwonse umadziwa kusiyana kwa mafumu awiri amenewa.

Mawu ena onse a m'banja limeneli aliyense ali ndi mperekezi wake: “keen on”, “fond of”, “fascinated by”, “curious about”, “enthusiastic about”, “passionate about”, “obsessed with”. Musavutike kufunafuna chifukwa chake uyu anatenga “on” uyo anatenga “of”. Chimene chimathandiza n'kuwaloweza awiriawiri, mmene kwathu kuno timatchulira munthu pamodzi ndi chiwongo chake. Osalemba “keen” yekha m'kope. Lembani “keen on football”, chiganizo chathunthu chonena za inu eni, ndipo chidzakhala m'mutu.

Pambuyo pa mperekezi, mneni amavala -ing: “interested in working with farmers”, “keen on learning”. Ambiri amalemba “I am interested to work with you”, ndipo owerenga amamva, koma khutu lozolowera limakhumudwa pang'ono. “Interested to” amayenda bwino ndi aneni omva ndi odziwa, monga “interested to hear”, “interested to know”, “interested to see”, pamene munthu akunena za nkhani imene akufuna kuimva. Pa ntchito imene ukufuna kuigwira, “interested in” ndiye mwini malo.

Za “too much” sitinachedwepo. Mawu amenewa analowa kale m'kalankhulidwe kathu, moti timamva achinyamata akuti nyimbo iyi ndi yabwino “too much”, kutanthauza kuti kwambiri. M'Chingerezi “too” ndi kupyola muyeso. Mchere ukakhala “too much” ndiwo zawonongeka. Ndiye kuuza olemba ntchito kuti uli ndi “too much interest” n'chimodzimodzi kuwauza kuti chidwi chako chafika poipa. Pamenepo pamafunika “a strong interest”, “a deep interest” kapena “a keen interest”.

Atakonza zitatuzo anandifunsa funso limene linatitengera m'mawa wonse. Anati, “Koma amalume, ‘interested’ ndikuona ngati akuchepa. Aliyense wofunsira ntchitoyi ndi ‘interested’. Ine ndikufuna amve kuti ndikuifunitsitsa.”

Mawu ake omwewo, “ndikuifunitsitsa”, ndi amene ndinagwira. Chichewa chikafuna kukweza mphamvu ya mawu sichipita kutali, chimangowakoka mchira: kufuna, kufunitsitsa, kukonda, kukondetsetsa, kuyang'ana, kuyang'anitsitsa, kumva, kumvetsetsa. Chikaona kuti sizinakwane chimawonjeza kamvekero, mtima uli dyokodyoko, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa. Chingerezi chilibe mchira woterewu. Chimasiya mawu awa n'kukatenga ena, ndipo mawu enawo sangosiyana kukula kokha. Aliyense ali ndi fungo lake, limene nthawi zambiri limachokera kumene anabadwira.

Tiyambe ndi “keen”. Tanthauzo lake lina ndi lakuthwa, moti mpeni wonoledwa bwino amati uli ndi “keen edge”. Ifenso timati mwana uyu ndi wakuthwa mutu, ndiye sizachilendo. Munthu amene ali “keen” chidwi chake n'chonoledwa, chokonzeka kugwira ntchito, koma sachita phokoso. Anthu a ku Britain amawakonda kwambiri mawu amenewa, ndipo m'kalata yofunsira ntchito ine ndimawaika patsogolo pa onse. Chenjezo n'limodzi, ndipo ndinamuuza mtsikanayu mosabisa poti ndine malume wake: ukanena kuti uli “keen on” munthu, kapena ukauza munthu kuti “I am interested in you”, wamufunsira. Unene kuti “interested in your work”, “keen on your programme”, osasiya mawuwo akuloza munthu.

“Eager” ndiye wa mtima dyokodyoko uja. Muli kufunitsitsa, mulinso kulephera kudikira. Ndi mwana amene wamva kuti bambo ake akubwera kuchokera ku Joni, tsiku lonse ali kumsewu. Amati “eager to start”, “eager to learn”, “eager for news”. Ali ndi mnzake “anxious” amene anthu amamuika m'malo mwake, koma “anxious” wasenza nkhawa. Nthawi yodikira kuti a MANEB atulutse zotsatira, amene analemba bwino amakhala “eager”, amene akudzikayikira amakhala “anxious”, ndipo ana ambiri amakhala zonse ziwiri usiku umodzi.

“Fascinated” ndinamumvetsa bwino ku Chongoni. Chaka china ndinatenga ana a Fomu 3 kukaona zojambula za pamiyala ku Chentcherere. Dera limeneli lili ndi malo 127 a zojambula zotere, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira amati zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ana ambiri anayang'ana, n'kufunsa mafunso awiri atatu, n'kuyamba kusewera pamiyala. Amenewo anali “interested”. Koma panali mnyamata mmodzi, wosalankhulalankhula m'kalasi, amene anaima patsogolo pa thanthwe, manja ali kumbuyo, maso ali tong'o pa timizere tofiira tija. Anzake anatsika, ine ndinamuitana kawiri osamva, mpaka ndinakamugwira paphewa. Ameneyo ndiye anali “fascinated”. Mawuwa anachokera ku Chilatini “fascinare”, kutanthauza kulodza. Munthu wotere chinthu chamugwira, sangathe kuchotsapo maso, ngati wachita kudyetsedwa. Ndipo poti mawuwa ndi odzaza kale, sayenda bwino ndi “very”. Timati “very interested”, koma “absolutely fascinated” kapena “fascinated” yekha. Mtsuko wodzaza sauthiranso madzi.

“Enthusiastic” ndi chidwi choonekera kunja, cha thupi lonse. Pitani pa Dedza Stadium tsiku limene Dedza Dynamos ikusewera, muone anthu akuvina, akuimba, mawu atasasa. Gwero lake ndi Chigiriki, ndipo limanena za munthu amene mulungu wamulowa. Ku England m'zaka za m'ma 1700 mawu amenewa anali chitonzo, onenera anthu otentheka pa chipembedzo, moti John Wesley, amene anayambitsa mpingo wa Methodist, ndi omutsatira ake ankanenedwa choncho. Lero ndi mawu abwino, ndipo wolemba ntchito aliyense amafuna munthu “enthusiastic”. Masapota aja amatchedwanso “fans”, mawu amene ambiri amati anadulidwa ku “fanatic”. “Avid” amakonda kukhala patsogolo pa dzina, “an avid reader”, “an avid listener”, ndipo muli kadyera pang'ono, munthu wosakhuta mabuku. “Crazy about” ndi “obsessed with” ndi athu aja akuti wapenga nawo mpira. Pocheza ndi anzako alibe vuto, koma m'kalata ya ku ofesi asalowe.

Tinatsala ndi mawu omaliza, amene kwa ine ndiwo anali nkhani yeniyeni.

“Iwe, ‘teamwork’ imeneyi wayamba liti kuikonda chonchi?”

Anayang'ana pansi, akukanda simenti ndi chala. “Ndinaona pa kalata ya chitsanzo imene anatumiza pa gulu lathu la WhatsApp. Aliyense akulemba choncho.”

Ndi zoona, aliyense akulemba choncho. Makalata amene achinyamata amandibweretsera masiku ano pafupifupi onse ali ndi “passionate”. Wina ndi “passionate about customer care”, wina “passionate about data entry”, wina “passionate about excellence”. Ndikawafunsa kuti andiuze m'Chichewa chimene akutanthauza, amasowa chonena. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo amene amawerenga makalata amenewa, mulu wonse uli patebulo, akaona mawuwa kakhumi maso amangodumphapo.

Zimandipweteka chifukwa “passion” ndi mawu olemera kuposa onse amene tatchulawa. Anachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kuvutika, kumva zowawa, kupirira. “Patient”, wodwala uja ndi wopirira uja, anachokera komweko. Akatolika a ku Bembeke ndi ku Mua akamayenda Njira ya Mtanda pa Lachisanu Loyera, masautso a Ambuye amene akukumbukirawo m'Chingerezi amatchedwa “the Passion”. Tanthauzo la chikondi choyaka moto linabwera pambuyo pake, koma lakalelo silinachokemo. Ine ndikamva munthu akuti ndi “passionate” pa chinthu, ndimafuna kudziwa chimene anavutikapo nacho, tulo timene anataya, chimene anadzimana.

Ndipo n'chifukwa chake mzere wa “teamwork” uja unandiwawa, poti mtsikana ameneyu ndimamudziwa. Masabata angapo m'mbuyomo ndinagona kwa mlongo wangayo, ndipo tambala wachiwiri atangolira ndinamva zitini zothirira zikugundana panja. Ndinamutsatira kudimba kutayamba kuyera. Nkhungu inali itagona m'dambo monse, udzu uli nyowe, madzi a pachitsime ozizira ngati akuluma. Iye anali atathirira kale mizere ingapo, zala zitachita dzanzi, akuziwuzira mpweya n'kupitiriza. Atafika pa phando lina anaima. Mbewuyo inali itafota pamene zinzake zonse zili bwinobwino. Anaizula, n'kudula tsinde ndi kampeni, n'kuliviika m'botolo loonekera m'kati la madzi oyera, n'kuliimika osaligwedeza. “Dikirani muone, amalume.” Patapita kanthawi, kuchokera podulidwa paja panayamba kutsika timaulusi toyera ngati utsi, pang'onopang'ono, mpaka madzi aja anachita mbuu. Anati amenewo ndi matenda ofotetsa kachewere, alibe mankhwala opopera, ndipo amatsalira m'nthaka ndi m'mbewu. Anafukula phando lonse, dothi ndi timbatata tomwe, n'kukataya kutali ndi dimba, n'kutsuka khasu asanakhudze mzere wina.

Pobwerera anandionetsa mmene amazindikirira chiwawu, matenda ena a kachewere, chisanafalikire, kutembenuza tsamba n'kuyang'ana kunsi kwake ngati kuli kankhungu koyera m'mphepete mwa banga lakuda. Ndinamuuza kuti matenda omwewo ndi amene anawononga kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845 n'kugwetsa njala imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo anandifunsa mafunso mpaka tinafika kunyumba. Mitundu ya kachewere ya Rosita ndi Violet amaisiyanitsa pongoona. Mbewu yake amaiyala pa thandala m'chipinda mowala koma mosafika dzuwa, kuti iphuke timaso tatifupi tolimba. Zonsezi palibe anamulipira kuti aphunzire. Ndipo m'kalata muja munalibe ngakhale chimodzi.

Ndinamukumbutsa za m'mawa umenewo, n'kumuuza kuti, “Tsopano siya Chingerezi. Ndiuze m'Chichewa, kachewere ndi chiyani kwa iwe?”

Anaganiza pang'ono. “Amalume, ine tsiku likadutsa osaponda kudimba, nsima siitsika.”

Tinayesa kufunafuna Chingerezi cha mawu amenewo. “Keen” anachepa. “Eager” ananena za mawa, osati za zaka ziwiri zimene zadutsa. “Obsessed” anapotoza nkhani. “Passionate” yekha ndiye anafikapo, ndipo ndinamuuza kuti mwa achinyamata onse amene anandibweretserapo makalata, iyeyu ndi mmodzi mwa ochepa amene mawuwo ndi awoawo. Vuto n'lakuti anthu awagwiritsa ntchito mpaka abuntha ngati chikwanje cha mudzi wonse. Akawalemba okha, osaikapo umboni, afanana ndi a “data entry” aja. Maganizo anga anali oti asankhe mawu odekha, kenaka botolo lija, khasu lija ndi zala zadzanzi zija zinene zotsalazo. Koma kalata inali yake, ndiye ndinamusiya asankhe.

Anatenga bolopeni, n'kutembenuza tsamba, n'kuyamba kulemba, akufufuta, akundifunsa sipelo ya “recognise”. Chimene chinatuluka ndi ichi:

“I have a keen interest in potato farming. For the past two years I have grown Irish potatoes with my mother, both rain-fed and under irrigation. I have learnt to recognise blight and bacterial wilt early, and to select and store clean seed. I am eager to share this knowledge with other farmers and to learn from them.”

Atawerenga mokweza anakhala chete, kenaka anati, “Ndiye ‘passionate’ uja ndimusunge. Akandiitana kukandifunsa mafunso, ndikamunena pakamwa, ndili ndi botolo langa m'chikwama.”

Anakopera kalatayo bwinobwino pa tsamba loyera, mzere ndi mzere, lilime lili pakona pa mlomo ngati mmene ankachitira ali Sitandade 2. Mayi a kunyumba anabweretsa mbatata yophika ndi tiyi wina, koma iye anangotenga imodzi n'kuikulunga m'kapepala. Anati akufuna akafike ku boma magetsi asanazime, ndiponso abwerere dzuwa lisanapendeke, chifukwa mizere ya kumunsi kwa dimba inali isanathiriridwe. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Wakabaza woyamba atangoima, anakwera, kope lija atalipanira m'khwapa.